Mfuti yam'chiuno ku Joni: zimene munthu amasenza akasankha kudziteteza ndi pistol

Pakati pa Amalawi okhala ku Joni, nkhani ya mfuti imabuka kawirikawiri wina akangochitidwa chipongwe. Wina amulanda foni ndi malipiro a mwezi wonse akutsika taxi, wina amuthyolera chitseko usiku ana akuona, ndiye kukacha funso limakhala lomwelo: kodi nanenso sindingagule yanga? Funsoli si lopusa. Malinga ndi ziwerengero za apolisi, anthu opitirira 27,000 anaphedwa ku South Africa m'chaka cha 2022/23, kutanthauza anthu oposa 70 tsiku lililonse, ndipo mfuti ndiyo chida chimene akupha amagwiritsa ntchito kwambiri. Munthu wokhala pamalo otere akaganiza zodziteteza, sitinganene kuti mantha amupitirira.

Koma kwa ambiri mwa abale athu yankho limathera pakhomo penipeni. Lamulo loyang'anira mfuti m'dzikolo, Firearms Control Act 60 ya 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004, limalola nzika ya South Africa kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Pemiti ya ntchito siyikwanira, pepala la wothawa kwawo silikwanira, chidindo cha masiku 30 cha papasipoti ndiye osanena n'komwe. Njira yachidule imene ena amanong'onezana, yogula mfuti kwa mnyamata wa pakona, ndi dzenje lakuya. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ndi mlandu umene ungakusunge m'ndende zaka 15, ukatuluka n'kukutumiza kwanu. Ndiponso mpope wa mfuti iliyonse umasiya zizindikiro zakezake pa chipolopolo, choncho ngati mfutiyo inaphapo munthu m'manja mwa wina, akatswiri a polisi akaiyeza udzavutika kufotokoza kuti sunali iwe.

Kwa iwo amene lamulo likuwalola, ulendo wake ndi wautali, ndipo anaukonza dala kuti ukhale wautali.

Mapepala asanafike pa chitsulo

Choyamba si kusankha mfuti. Munthu wazaka 21 kapena kuposa amayamba wapita kusukulu yovomerezeka yophunzitsa za mfuti, kumene amalemba mayeso a zimene lamulo likunena, n'kukaonetsanso pabwalo lowomberapo kuti amatha kugwira ndi kuwomba mtundu wa mfuti imene akufuna. Akapambana amatenga satifiketi yake n'kupita nayo kupolisi ya dera lake, kwa wapolisi woona za mfuti amene anthu amangomutchula kuti DFO. Kumeneko amadzaza fomu ya SAPS 517 yopempha chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti. Amadinda zala, apolisi amafufuza ngati anapezekapo wolakwa pa mlandu wachiwawa, wankhanza za m'banja kapena wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo amafunsa anthu omudziwa za khalidwe lake, kuphatikizapo mkazi kapena mwamuna wake. Mfundo yofunsa wam'nyumba imeneyi ine ndimaiona ngati yanzeru kuposa zina zonse m'lamuloli. Munthu amene amadziwa mmene umakhalira ukakwiya kapena ukaledzera ndi amene umagona naye nyumba imodzi.

Chiphasocho si laisensi. Laisensi imapemphedwa payokha pa fomu ya SAPS 271, ndipo imakhala ya mfuti imodzi yeniyeni, yodziwika ndi nambala yake. Ndiye kuti munthu amalipira mfuti kusitolo, mfutiyo n'kutsala komweko miyezi ingapo mpaka ofesi yaikulu ya Central Firearms Registry ku Pretoria itavomera. Gawo 13 la lamuloli ndilo limakamba za kudziteteza. Limalola mfuti imodzi yokha, yam'manja kapena mfuti yaitali yotchedwa shotgun, ndipo wopemphayo ayenera kusonyeza zinthu ziwiri: kuti akufunikadi mfuti, ndiponso kuti palibe njira ina yoyenera yodzitetezera. Apa ndi pamene anthu amalemba kalata yofotokoza za moyo wawo, kumene amakhala, nthawi imene amaweruka, misewu imene amadutsa, ngati amanyamula ndalama za bizinesi, milandu imene yachitika m'dera lawo. Kalata yongoti "kuno kuli akuba ambiri" imabwerera.

Laisensi ya kudziteteza imatha pakapita zaka 5, ndipo kupempha kuti ipitirire kuyenera kuchitika kutatsala masiku osachepera 90. Anthu zikwizikwi anagwa pa mfundo yaing'onoyi. Mu 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti laisensi ikatha yatha, ndipo wosunga mfutiyo akuisunga mosaloledwa. Mpaka mu 2022, pa mlandu wa kampani ya alonda ya Fidelity, m'pamene khoti lomwelo linati munthu wotere angathe kupempha laisensi yatsopano ya mfuti yomweyo. Zipolopolo nazo zili ndi malire: 200 pa mfuti iliyonse, pokhapokha utapatsidwa chilolezo chapadera.

Iti mwa zonsezi?

M'sitolo ya mfuti munthu wachilendo amasokonezeka ndi mayina, komatu mitundu ikuluikulu ndi iwiri basi. Pali volovolo, imene imasunga zipolopolo 5 kapena 6 m'kachitsulo kozungulira, ndipo pali pistol yodzilowetsera yokha chipolopolo kuchokera m'magazini yokhala m'chigwiriro. Volovolo ndi yosavuta kumvetsa, ndipo kuona ngati muli chipolopolo n'kosavuta, koma kachitsulo kake kowombera ndi kolimba kukoka, moti munthu wa manja ofooka amaphonya chifukwa mfuti imapendekeka chala chikamalimbana nako. Pistol imanyamula zambiri. Glock 19 ya ku Austria imatenga 15 m'magazini, ndipo CZ 75 imene inayamba kupangidwa mu 1975 ku Czechoslovakia ili ndi ana ndi adzukulu ambiri m'masitolo a ku South Africa. Apolisi a dzikolo kwa zaka zambiri anyamula Z88, yopangidwa konko potengera Beretta 92 ya ku Italy.

Pa kukula kwa chipolopolo anthu amakangana ngati nkhani ya mpira, koma mkanganowo unatha kale mphamvu. Mu 1986 ku Miami, ku America, apolisi awiri a FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, anaphedwa pa kuwomberana ndi achifwamba awiri, mmodzi mwa achifwambawo atapitiriza kumenya nkhondo ngakhale anali atalasidwa kale. FBI inaloza chala chipolopolo cha 9mm n'kusamukira ku zazikulupo, ndipo m'menemo ndi mmene munabadwira chipolopolo cha .40 S&W mu 1990. Patapita zaka pafupifupi 30 FBI yomweyo inabwerera ku 9mm. Chifukwa chake chinali chakuti zipolopolo zamakono za 9mm zimalowa mozama mokwanira, ndipo apolisi ambiri amalasa bwino ndi mfuti yosakankha dzanja kwambiri. Kwa munthu wamba pali chifukwa chinanso: 9mm imapezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, ndiye kuti angathe kupita kukayeserera kawirikawiri.

Msampha umene ogula ambiri amagweramo ndi wa kamfuti kakang'ono. Amakaona kopepuka, kokwana m'thumba, n'kuganiza kuti ndiko koyenera woyamba kumene, kapena koyenera mayi. Zoona zake ndi zosiyana. Mfuti ikachepa ndi kupepuka, mphamvu ya kuphulika kwa wonga imathera m'dzanja la wowombayo, chigwiriro chimaperewera zala, ndipo kulunjika kumavuta. Munthu akawomba kasanu dzanja likuwawa, sabwereranso kukayeserera. Njira yabwino ndi kupita kubwalo lowomberapo kumene amabwereketsa mfuti, kuyesa zingapo mphunzitsi ali pambali, ndi kuona itatu: kodi chala chikufika bwino pa kachitsulo kowombera osapotoza dzanja, kodi ungathe kukoka wekha chakumwamba cha mfuti polowetsa chipolopolo, ndipo kodi ungainyamule tsiku lonse osatopa nayo. Mfuti ya mwamuna siyikhala yoyenera mkazi wake chifukwa choti ali pabanja, ndipo pa lamulo mkaziyo sangaigwiritse ntchito yekha. Laisensi ndi ya munthu mmodzi. Wina angaigwire pokhapokha mwini wake ali pomwepo kumuyang'anira.

M'chiuno ndi m'nyumba

Gawo 84 limanena za kuyenda ndi mfuti pagulu. Iyenera kukhala mu holster, kachikwama kopangidwira mfuti, kapena m'chikwama chonga cha kumsana. Iyenera kubisika yonse. Ndipo mwini wake ayenera kukhala woilamulira nthawi zonse. Kuitsomeka pa lamba wa thalauza popanda holster, monga amachitira m'mafilimu, ndi kuswa lamulo komanso ndi njira yodzilasira wekha ntchafu. Holster yabwino ndi yolimba, yopangidwira mtundu wa mfuti yomweyo, yophimba kachitsulo kowombera kuti kanthu kalikonse kasakakhudze. Ngozi zambiri zimachitika pobwezera mfuti m'malo mwake, pamene nsonga ya malaya kapena kachingwe ka jekete kakodwa mkati n'kukoka kachitsuloko. Aphunzitsi amabwereza kuti potulutsa mfuti pangakhale changu, koma pobwezera palibe chothamangira.

Kuyenda ndi mfuti kumasintha tsiku la munthu m'njira zimene sanaziganize. Kugwira mfuti utaledzera ndi mlandu. Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ngakhale ilibe chipolopolo. Kuwombera m'mwamba pakati pa nyumba za anthu popanda chifukwa ndi mlandu. Dalaivala wa taxi akakudula pamsewu n'kukutukwana, iwe wamfuti ndiwe woyenera kumeza mawu, chifukwa ndewu iliyonse imene ungalowe tsopano ili ndi mfuti mkati mwake, ndipo mfutiyo ingathe kulandidwa. Achifwamba amaifuna mfuti kuposa foni. Ndi chifukwa chake anthu odziwa sauza anzawo a kuntchito kapena oyandikana nawo kuti ali nayo, ndipo saijambula n'kuika pa Facebook.

Mfuti ikachoka pathupi iyenera kulowa m'bokosi lachitsulo lokhoma, lokwaniritsa muyezo wa SABS, bungwe loona za miyezo m'dzikolo, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi. Apolisi angathe kubwera kudzaliona laisensi isanatuluke. Pansi pa pilo, pamwamba pa wodilopu, m'kabati ya m'galimoto, onsewa si malo ovomerezeka. Ikatayika kapena kubedwa, uyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24, ndipo zikaoneka kuti unailekerera, ungaimbidwe mlandu ndi kulengezedwa kuti suyeneranso kukhala ndi mfuti. Makolo ambiri amadzinamiza kuti mwana sadziwa pamene pali kiyi. Mwana wazaka 8 amadziwa chilichonse chimene chili m'nyumba ya makolo ake.

Nthawi imene lamulo limalola kuwomba

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi pamene maganizo a anthu ambiri amasiyana ndi zimene makhoti amanena. Laisensi imakupatsa ufulu wosunga mfuti. Siyikupatsa ufulu wowombera munthu. Ufulu umenewo umachokera ku lamulo la kudziteteza, lomwelo limene limagwira ntchito kwa munthu wogwira chikwanje kapena mwala, ndipo lili ndi zofunika zake. Payenera kukhala kuukiridwa kosaloledwa ndi lamulo. Kuukirako kukhale kuti kwayamba kapena kwatsala pang'ono kuyamba, osati kwatha kale. Zimene ukuchitazo zikhale zofunikadi poletsa ngoziyo, zilunjike kwa woukirayo, ndipo zigwirizane ndi kukula kwa ngoziyo. Kuti uwombe munthu, moyo wako kapena wa wina ukhale pa chiopsezo cha imfa kapena kuvulala kwakukulu.

Ndiye wakuba amene akuthawa ndi TV yako akudumpha mpanda, lamulo silikulola kumuwombera kumsana. Kwa munthu wokulira kumene wakuba akagwidwa pamsika amaona zakuda, mfundoyi imamveka ngati yokondera mbava. Koma malamulo a South Africa kuyambira 1994 anaika moyo wa munthu pamwamba pa katundu, ndipo mu 2002, pa mlandu wa Walters, khoti lalikulu linanenetsa kuti kupha munthu pongofuna kuti asathawe sikuloledwa ngati sakuopseza moyo wa wina aliyense. Amene amakulangizani kuti "mukamuwombera panja mumukokere m'nyumba" akukulangizani kuwonjezera mlandu wachiwiri pa woyamba. Magazi ndi zipolopolo zimanena zokha pamene munthu anagwera.

Milandu iwiri yodziwika ikuonetsa mbali ina ya nkhaniyi, mbali imene imandiopsa kuposa achifwamba. Mu May 2004 Rudi Visagie, yemwe kale ankasewera rugby mu timu ya dziko la South Africa, anadzutsidwa m'bandakucha pa munda wake pafupi ndi Nelspruit galimoto ya mwana wake wamkazi ikutuluka pabwalo. Poganiza kuti ikubedwa, anawombera pawindo. Amene ankayendetsa anali mwana wakeyo, ndipo anamwalira. Oimira boma pa milandu anasankha kusamuzenga, poona kuti chilango chimene anali nacho kale chinali chokwanira.

Wachiwiri dziko lonse linaumva. Pa 14 February 2013 wothamanga Oscar Pistorius anawombera kanayi pa chitseko chotseka cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria, n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anati ankaganiza kuti mkatimo muli wakuba. Khoti loyamba mu 2014 linamupeza wolakwa pa kupha munthu mosasamala, koma mu December 2015 khoti la apilo linasintha chigamulocho kukhala kupha mwadala. Mfundo ya majajiwo ndi yofunika kwa aliyense wosunga mfuti. Anati ngakhale titavomera kuti ankaganiza kuti ndi wakuba, iye ankadziwa kuti kuseri kwa chitsekocho kuli munthu, m'kachipinda kopanda pothawira, ndipo ankadziwa kuti zipolopolo zinayi zingathe kumupha. Sanadziwe kuti munthuyo ndi ndani, sanadziwe ngati ali ndi chida, ndipo palibe amene anamuukira. Mantha okha sanali okwanira. Chilango chake chinakwezedwa mu 2017 kufika zaka 13 ndi miyezi 5, ndipo anatuluka m'ndende pa parole, kutanthauza kumasulidwa chilango chisanathe, mu January 2024.

Anthu awiriwa ankadziwa kuwomba, ndipo onse analasa chimene analoza. Chimene chinasowa ndi kuona kaye. Ndi chifukwa chake mphunzitsi wabwino wa zodziteteza m'nyumba amayamba kukamba za tochi asanakambe za zipolopolo. Taganizirani: ndi 2 koloko usiku, magetsi azima monga amachitira ku Joni, mwamva chitseko cha kukhitchini chikulira. M'nyumba ya Mmalawi amene angakhale kukhitchiniko ndi ambiri. Mwina ndi mphwanu amene wafika sabata yatha kudzafuna ntchito ndipo sanazolowere nyumbayo, mwina ndi mnyamata wanu akulowa mozemba kuchokera kokacheza, mwina ndi mlamu amene anapatsidwa kiyi inu osadziwa. Chochita choyamba ndi kugwira pambali panu kuona ngati mnzanu wapabedi alipo. Chachiwiri ndi kusonkhanitsa ana m'chipinda chimodzi chokhoma, kuimba nambala ya apolisi ya 10111 kapena kukanikiza batani la kampani ya alonda, ndi kufuula kuti mwaitana apolisi. Kufuulako kumapatsa mwayi wakuba kuti athawe, ndipo kumapatsa mwayi mwana wanu kuti ayankhe kuti "ndine, adadi". Kuyendayenda m'nyumba yamdima kusaka munthu, mfuti ili patsogolo, ndi ntchito imene ngakhale apolisi ophunzitsidwa saichita mmodzi.

Palinso nkhani ya makoma. Chipolopolo cha 9mm chimaboola chitseko chamatabwa, malata ndi makoma a mabodi ngati palibe kanthu. M'ma flat a ku Hillbrow kapena m'tinyumba ta kuseri kwa nyumba zikuluzikulu, kumene anthu amalekanitsidwa ndi bodi limodzi, chipolopolo chophonya chimakathera kwa oyandikana nawo, ndipo mwini mfuti adzayankha za icho.

Satifiketi si luso

Maphunziro opezera chiphaso amatenga masiku ochepa, ndipo munthu amawomba zipolopolo zowerengeka pa chandamale cha pepala chimene sichisuntha, masana, mtima uli m'malo. Zimenezi zimangotsimikiza kuti sudzilasa phazi. Kafukufuku wa bungwe la RAND wa mu 2008 pa apolisi a ku New York anapeza kuti pakati pa 1998 ndi 2006, pa kuwomberana kumene mbali inayo inkabwezera, zipolopolo 18 zokha mwa 100 zilizonse za apolisi ndi zimene zinkalasa munthu amene ankamufuna. Amenewa ndi anthu oyenda ndi mfuti tsiku lililonse. Mantha akafika mtima umathamanga, zala zimauma, maso amangoona chinthu chimodzi, makutu amatseka, ndipo munthu amatsala ndi zokhazo zimene thupi linazolowera.

Zoyamba kuzolowetsa thupi ndi malamulo anayi amene anatchuka kudzera mwa Jeff Cooper, msilikali wakale wa ku America amene anakhazikitsa sukulu ya Gunsite ku Arizona. Mfuti iliyonse uyitenge kuti ili ndi chipolopolo. Usaloze mpope pa chinthu chimene sukufuna kuwononga. Chala chikhale kunja, chowongoka m'mbali mwa mfuti, mpaka utaloza ndi kutsimikiza kuti ukuwomba. Udziwe chimene ukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Ubwino wa malamulowa ndi wakuti amatchinjirizana: ukaphonya limodzi, ena atatu amakupulumutsa. Kuti munthu afe pamafunika kuswa awiri nthawi imodzi.

Chitsanzo chapafupi ndi kutsitsa zipolopolo mu pistol, kumene kwapha anthu ambiri "poyeretsa mfuti". Ndondomeko yake siyisinthika. Mpope uloze kumalo kopanda munthu, chala kunja. Chotsa magazini kaye. Kenako koka chakumwamba cha mfuti kuti chipolopolo chimene chinalowa kale mumpope chitumphe, chisiye chotsegula, suzumira m'chibowomo, pisamo chala chaching'ono. Munthu wotopa amasinthanitsa ziwirizi: amakoka chakumwamba kaye, amaona chipolopolo chikugwa pansi, mtima n'kukhala pansi, kenako n'kuchotsa magazini. Koma pamene chakumwambacho chimabwerera kutsogolo chinatola chipolopolo china m'magazini n'kuchilowetsa. Mfuti imene akuiona ngati yopanda kanthu ili ndi chimodzi chodikira.

Kuyeserera kwambiri kumachitika popanda kuwomba. Munthu amatsitsa zipolopolo, amaziika m'chipinda china, n'kumabwereza kutulutsa mfuti pansi pa malaya, kuigwira ndi manja awiri, kuloza, ndi kukoka kachitsulo kowombera pang'onopang'ono osagwedeza mpope. Mphindi 10 kangapo pa sabata zimaposa ulendo umodzi wa pachaka wokawomba mabokosi atatu. Pabwalo lowomberapo pamafunika zotchinga maso ndi makutu, chifukwa kulira kwa pistol kumafika cha m'ma decibel 160, kokwanira kuwononga khutu kamodzi kokha. Amene akufuna kupitirira apo amalowa masewero a kuwomba monga IDPA kapena IPSC, kumene wotchi ndi maso a anthu zimabweretsa kachidutswa ka phuma lenileni.

Phunziro lina limene limatsitsa anthu mtima linachokera kwa Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City, amene mu 1983 anaonetsa kuti munthu wogwira mpeni angathe kudutsa mtunda wa mamita 6 ndi theka pa sekondi imodzi ndi theka, nthawi yofanana ndi imene wapolisi wophunzitsidwa amatenga kutulutsa mfuti ndi kuwomba. Kwa munthu wamba amene mfuti yake ili pansi pa juzi, nthawiyo ndi yaitali kuposa apo. Tsono wachifwamba amene wakuloza kale mfuti pawindo la galimoto pa geti yako wapambana kale mpikisanowo, ndipo kupisa dzanja m'chiuno nthawi imeneyo ndi kudziitanira imfa. Galimoto umapereka. Chimene chikanakuthandiza chinali mphindi imodzi m'mbuyomo: kuona galimoto yokutsatira, kusaima moyang'ana geti yotseka, kuzungulira kaye.

Kodi imatetezadi?

Pa funso limeneli anthu a ku South Africa sagwirizana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Bungwe lolimbana ndi kufala kwa mfuti la Gun Free South Africa limaloza kafukufuku wa Richard Matzopoulos ndi anzake, wofalitsidwa mu 2014, amene anapeza kuti m'mizinda isanu ya dzikolo kuphana ndi mfuti kunatsika kwambiri pakati pa 2001 ndi 2005, nthawi imene lamulo latsopanoli linkakhazikitsidwa, ndipo anayerekeza kuti miyoyo yoposa 4,500 inapulumuka. Limanenanso kuti mfuti zambiri za achifwamba zinayamba zili zovomerezeka, kenako n'kubedwa. Mabungwe a eni mfuti monga SAGA amayankha kuti boma nalo limataya mfuti, ndipo amakumbutsa za Christiaan Prinsloo, mkulu wa apolisi amene mu 2016 anagamulidwa zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti pafupifupi 2,400 zimene zinayenera kuphwanyidwa, zambiri n'kukathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Flats, dera la ku Cape Town. Mu 2021 boma litatulutsa maganizo ochotseratu kudziteteza pa zifukwa zopezera laisensi, anthu ambirimbiri analemba kukana, ndipo gawo 13 likadalipo.

Chimene mbali zonse sizingakane ndi chakuti mfuti imakhala m'nyumba masiku onse, pamene wachifwamba amabwera mwina kamodzi pa moyo wa munthu. Masiku ena onsewo ili pamodzi ndi mikangano ya m'banja, ngongole, kuchotsedwa ntchito, mowa, ndi mwana wachinyamata amene chibwenzi chamukana. Kafukufuku wa Arthur Kellermann wa mu 1993 ku America anapeza kuti m'nyumba zokhala ndi mfuti chiopsezo cha kuphedwa kwa wam'nyumbamo chinali chokwera pafupifupi katatu, makamaka kuphedwa ndi wachibale kapena wodziwana naye. Anthu anatsutsa njira zina za kafukufukuyo, koma pa nkhani yodzipha umboni ndi wolimba: mwa anthu 10 oyesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi 9 amafa, pamene njira zina zambiri zimasiya mpata woti munthu apulumutsidwe ndi kusintha maganizo. Maganizo anga ndi akuti nyumba imene muli nkhanza, uchidakwa kapena munthu wovutika maganizo, mfuti isalowemo, ngakhale dera litaopsa chotani. Mipiringidzo ya m'mawindo, geti yachitsulo ya m'kanjira ka kuzipinda zogona, galu, magetsi a panja ndi gulu la WhatsApp la oyandikana nawo zimagwira ntchito yaikulu popanda chiopsezo chimenecho.

Ndipo amene wawomba movomerezeka asayembekezere kuti apolisi adzamugwira chanza n'kupita. Munthu akafa, apolisi amatsegula fayilo, kaya ya mlandu wakupha kapena yofufuza chimene chinachititsa imfayo. Mfuti amaitenga kukaiyeza, ndipo imatha miyezi kapena zaka isanabwerere. Wowombayo angathe kugona m'chitokosi, kulipira loya, ndi kudikira oimira boma pa milandu kuti aone ngati amuzenga kapena ayi. Chimene maloya amalangiza ndi kuitana ambulansi ndi apolisi msanga, kusasuntha kanthu pamalopo, kuonetsetsa kuti apolisi akufika mfuti siili m'manja, kupereka dzina ndi laisensi, ndi kudikira loya musanalembe sitetimenti yonse, chifukwa munthu amene wangotuluka m'zoopsa amasokoneza ndondomeko ya zimene zachitika ngakhale sakunama.

Kwa amene tsiku lina adzakweza katundu pa basi kapena pa bakkie kubwerera kumudzi, laisensi ya South Africa imathera m'malire a dzikolo. Kutulutsa mfuti kumafuna chilolezo cha apolisi a kumeneko, kudutsa nayo Zimbabwe ndi Mozambique kumafuna zilolezo za mayikowo, ndipo ku Malawi imafuna laisensi ya apolisi a Malawi. Ambiri amaona chapafupi kuigulitsa kwa munthu wina wa laisensi kapena kusitolo ya mfuti asananyamuke, kapena kuipereka kupolisi kuti ikaphwanyidwe, n'kusunga pepala losonyeza kuti inachoka m'dzina lawo.